Anapiye akula, ambiri ndi atambala: ndiwatani?

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Thadzi lake lidaswa anapiye 11, ndipo pano atakula, asanu ndi awiri aoneka kuti ndi atambala. Iwo amafuna mazira, malo kuseri kwa nyumba ndi ochepa, ndipo aneba ayamba kudandaula ndi kulira kwa m'bandakucha. Funso lawo ndi lakuti: "Ndingowataya, kapena nditani?"

Mayi, chonde musawataye. Ndidaonapo tiatambala tosiyidwa m'mbali mwa dambo, tikuyendayenda ndi njala mpaka agalu ndi mphamba zitatitha. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa tidadya gaga wanu ndipo tili ndi phindu.

Palibenso chimene mudalakwitsa. Mazira akaswa pakatha masiku 21, pafupifupi theka la anapiye amakhala amuna. Zoti dzira losongoka limaswa tambala pomwe lobulungira limaswa msoti ndi nkhambakamwa chabe.

Ngati mukungofuna mazira odya, tambala simukumusowa n'komwe: thadzi limaikira ngakhale palibe tambala, kungoti mazirawo saswa. Mukafuna anapiye, tambala mmodzi amakwanira mathadzi pafupifupi 10. Atambala akachuluka, taonani pamsana pa mathadzi anu: nthenga zasosoka, khungu lili psuu, pakhosi mabala, ndipo ena amaleka kuikira chifukwa chosowa mtendere. Atambala awiri salira m'khola limodzi, nanji asanu ndi awiri!

Choncho apatuleni msanga. Amangireni kakhola kawokawo, kapatali pang'ono kuti asamaone mathadzi. Akakula limodzi chonchi ndewu zimachepa. Apatseni gaga wosakaniza ndi soya wokazinga wogaya, masamba ndi zotsala za usipa, madzi oyera tsiku lililonse. Musaiwale katemera wa chitopa, wodontheza m'diso uja, makamaka nyengo yotentha isanafike, chifukwa chitopa chikalowa chimasesa khola lonse m'masiku ochepa. Akafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, nkhuku zachikuda zimakhala zakwana kudya kapena kugulitsa. Mukawasunga kupyola apo mungotaya chakudya, ndipo nyama imayamba kulimba. Ikakhala nthawi ya Khrisimasi, ogula amabwera okha pakhomo.

Wina adzapita mumphika, ndipo pamenepo ndikupempha chinthu chimodzi: mpeni ukhale wakuthwa, ntchitoyo ichitike mwachangu, osati kupatsa ana kuti aziphunzirirapo.

Tsono za amene mungamusunge. Sankhani wamphamvu, wamaso owala, wosalusa kwa ana, koma musamusiye kuti azikwera mayi wake ndi alongo ake, chifukwa anapiye otsatira amayamba kufooka ndi kuchepa thupi. Sinthanani ndi munthu wa dera lina, mwina amene ali ndi nkhuku zakuda za mikolongwe zija. Tambala wachilendoyo akafika, mumutsekere payekha milungu iwiri musanamusakanize ndi mathadzi anu, kuti muone ngati sanabwere ndi matenda.