Mabuku a sayansi opata mphoto kumapeto kwa chaka: tigule ati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a Biology pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza. Mlamu wawo amene amagwira ntchito ku Leeds ku England akubwera kudzadya Khirisimasi kumudzi, ndipo walonjeza kuwatengera mabuku anayi kapena asanu a sayansi, aja olembera anthu wamba osati a silabasi. Atafufuza pa intaneti apeza mindandanda yambirimbiri ya "mabuku opambana a chaka chino", wina kutchula izi, wina izo. Funso lawo ndi lakuti: "Ndikhulupirire uti? Nanga buku likapata mphoto, ndiye kuti zonse zili m'menemo ndi zoona?"

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Mindandandayi ikusiyana chifukwa oikonza ake sayeza chinthu chimodzi. Wa tsamba la pa intaneti la Goodreads, umene umatuluka mu Disembala, ndi voti ya owerenga, choncho kawirikawiri amapambana mlembi wa omutsatira ambiri. Wa nyuzipepala ya New York Times, ya mabuku 10 oposa onse ndi ina ya mabuku 100, amasankha ndi akonzi a nyuzipepalayo, ndipo sayansi imangopezamo malo ochepa pakati pa nthano ndi mbiri. Ija ya mabuku ogulidwa kwambiri ikungokuuzani za malonda basi. Musadabwenso kuti yonseyi imatuluka Khirisimasi ili pafupi. Ndi nyengo imene anthu kumeneko amagulirana mphatso, ndipo ogulitsa mabuku amaidikira ndi maso awiri.

Umene ine ndimaudalira ndi wa bungwe la Royal Society la ku London, limene linakhazikitsidwa mu 1660. Mphoto yake ya mabuku a sayansi inayamba mu 1988. Dzina lakhala likusintha potsata amene akuthirapo ndalama: inatchedwapo Rhône-Poulenc, Aventis, Winton, Insight Investment, ndipo kuchokera mu 2023 ndi Trivedi. Ndiye mukaona kachizindikiro ka "Aventis Prize" pa chikuto cha buku lakale, dziwani kuti ndi mphoto yomweyo. Kampani zosindikiza ndi zimene zimatumiza mabuku, kagulu ka oweruza, asayansi osakanikirana ndi olemba ndi atolankhani, kamawerenga n'kusankha asanu ndi limodzi, kenako mmodzi amatenga mapaundi 25,000.

Malangizo anga oyamba ndi akuti muziyang'ana asanu ndi limodzi aja, osati wopambana yekhayo. Pofika pamenepo onse amakhala abwino, ndipo chotsala chimakhala kukonda kwa oweruza a chaka chimenecho. Kukondako kumasintha. Kuchokera mu 1988 panalibe mayi amene anapambana payekha mpaka 2015, pamene Gaia Vince anatenga mphotoyi. Kuyambira chaka chimenecho, amayi anapambana zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kufikira Camilla Pang mu 2020. Sindikhulupirira kuti amayi anayamba kudziwa kulemba mu 2015. Onaninso Stephen Hawking. Buku lake la 1988, A Brief History of Time, limene linagulidwa mamiliyoni, silinapate mphotoyi. Anadzaipata mu 2002 ndi buku lina, The Universe in a Nutshell.

Funso lanu lachiwiri ndiye lili ndi mnofu. Ayi, mphoto si chidindo cha choonadi. Oweruza ochepa sangayese okha nkhani iliyonse ya m'mabuku ochuluka chonchija. Chimene amaona ndi chakuti kodi bukulo likuwerengeka, kodi likufotokoza chinthu chovuta momveka popanda kuchipotoza. Jared Diamond anapata mphoto ziwiri mu 1998 ndi Guns, Germs, and Steel, iyi ya ku London ndi ya Pulitzer ya ku America, koma akatswiri ambiri a mbiri mpaka lero amalitsutsa, akuti linapatsa nthaka ndi nyengo mphamvu yochuluka n'kuchepetsa zimene anthu anachita mwadala, monga nkhanza za atsamunda. Buku la Cordelia Fine, Testosterone Rex, limene linapambana mu 2017, nalo linautsa mapiri pachigwa pakati pa asayansi ofufuza kusiyana kwa amuna ndi akazi. Pena sayansi imene imangopita patsogolo n'kulisiya buku m'mbuyo: Bill Bryson anatulutsa A Short History of Nearly Everything mu 2003, n'kupambana mu 2004, Pluto akadali m'gulu la mapulaneti. Mu 2006 akatswiri a zakuthambo anamuchotsamo. Zoipitsitsa zinachitika mu 2012, pamene buku la Jonah Lehrer lotchedwa Imagine, limene linkayenda malonda kwambiri, linachotsedwa m'masitolo zitadziwika kuti mlembiyo anapeka mawu ena n'kumati ananena ndi woimba Bob Dylan. Ndiye musanaphunzitse ana mfundo ya m'buku lotere ngati yotsimikizika, tsegulani kumapeto muone kumene mlembi anaitenga.

Palinso china chimene mindandandayi siinena. Kuti buku lilowe mu mpikisano wa Royal Society liyenera kukhala la Chingelezi, lotuluka ku Britain. La wasayansi wa ku Zomba kapena ku Lusaka losindikizidwa komweko silifika n'komwe pa tebulo la oweruza. Ndipo buku losintha mwana si nthawi zonse limakhala la mendulo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapeza m'kalaibulale ka kwawo buku wamba la ana a sukulu a ku America lotchedwa Using Energy, la chithunzi cha makina oyendera mphepo pa chikuto. Chingelezi chinkamuvuta, ankatsata zojambula mpaka anapanga makina akeake a mphepo opanga magetsi. Buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer mu 2009 ndilo linadzalandira mphoto ya Alex Award ku America mu 2010. Ngati pa sukulu panu mulibe, liikeni pamwamba pa zonse.

Ndikanakhala inu, mlamuyo ndikanamutuma awa. Loyamba An Immense World la Ed Yong, lopambana mu 2023, lonena za mmene nyama zimamvera dziko: njuchi zoona kuwala kumene ife sitikuona, mileme yoyenda mumdima pomvetsera kubwerera kwa mawu ake, njovu zoitanirana ndi mawu otsika kwambiri oti khutu la munthu silingagwire. Kwa mphunzitsi wa Biology limeneli ndi nkhokwe. Lachiwiri Entangled Life la Merlin Sheldrake, lopambana mu 2021, lonena za bowa ndi nkhungu. Lifika pa nyengo yake, mvula itagwa, amayi atandanda m'mbali mwa msewu ndi mabeseni a utale ndi manyame. Ana anu amadziwa kale kuti manyame amamera pansi pa mitengo yachilengedwe monga mombo ndi tsamba, ndipo nkhalango ikatha nawonso amasowa. Chimene sadziwa n'chakuti bowa wozulidwayo ndi chipatso chabe, thupi lenileni ndi timaulusi ta pansi tokulunga mizu ya mtengo, topereka madzi ndi mchere wa m'nthaka posinthanitsa ndi shuga. Mukawafotokozera zimenezi bowa ali m'manja, phunziro la symbiosis sadzaliiwalanso.

Lachitatu The Immortal Life of Henrietta Lacks la Rebecca Skloot, limene linapata mphoto ya Wellcome mu 2010. Ndi nkhani ya mayi wachikuda amene anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero ku Baltimore mu 1951, madokotala atatenga maselo ake osamupempha, ndipo maselowo akugwirabe ntchito m'malabu mpaka lero. La Bryson lija nalo litengeni, bola muwauze ana za Pluto.

Chingelezi cha mabukuwa n'cholimba kwa mwana wa Fomu 1. Kwa iwo mlamu afunse za Young People's Book Prize ya Royal Society yomweyo, imene wopambana amasankhidwa ndi magulu a ana enieni. Muwauzenso asathamangire lopambana chaka chino, chifukwa likhala lidakali la chikuto cholimba, lodula ndi lolemera mu sutikesi. Opambana a zaka zam'mbuyo amapezeka a chikuto chofewa pa mtengo wotsika, ndipo m'masitolo a kaunjika wa mabuku monga a Oxfam, ndalama ya buku limodzi latsopano ikhoza kugula angapo.