Mpeni wobuntha: “blunt” kapena “dull”?

Achemwali, funso lanu ndinaliona usiku, koma ndinati kuche kaye kuti ndikuyankheni mtima uli m'malo, chifukwa mayankho ena amene abwera kale angathe kumusokoneza mwanayo. Mwati mtsikana wanu wa Fomu 2 analemba kuti “The knife is dull”, aphunzitsi n'kukhwatcha “dull” ndi bolopeni yofiira, pamwamba pake n'kulembapo “blunt”. Iye atafufuza pa foni wapeza azungu eni ake akunena “dull knife”, ndiye wabwera kunyumba ali ndwii, akuti amubera malikisi. Mukufuna kudziwa kuti wolondola ndani, komanso ngati mawu awiriwa ali ndi tanthauzo limodzi.

Ine ndimaphunzitsa Chingerezi kuno ku Nkhotakota, ndipo funso limeneli ndakumana nalo kangapo. Mwanayo mumuuze kuti sanalakwe. Koma musamulole kupeputsa aphunzitsi ake, chifukwa nawonso zimene analembazo n'zoona. Tikamanena za mpeni wobuntha, mawu onse awiri amaloledwa. Chimene chilipo n'chakuti anthu a ku Britain amakonda kunena “blunt knife”, pomwe a ku America pakamwa pawo pamabwera msanga “dull knife”. Ife Chingerezi cha kusukulu tinatengera ku Britain, koma zambiri zimene ana athu amaonera pa intaneti n'za ku America. Mwana wagwira cha pa foni, aphunzitsi agwira cha m'buku, apa ndi pamene asemphana.

Amene muli ndi Baibulo la Chingerezi mutha kudzionera nokha pa Mlaliki 10:10, vesi ija yonena kuti chitsulo chikabuntha, mwini wake osachinola, amafunika kuonjezera mphamvu. Baibulo la King James, lomwe linatuluka ku England mu 1611, limati “If the iron be blunt”. La NIV, lomwe linatuluka ku America mu 1978, limati “If the ax is dull”. Vesi ndi yomweyo, kubuntha n'komweko, mawu okha ndiwo asiyana. Ngakhale zili choncho, ana anga ndimawauza kuti pa mayeso a JCE ndi MSCE azilemba “blunt knife”, chifukwa ndiwo mawu amene tonse ochonga tinawazolowera m'mabuku athu, palibe amene angaime n'kuyamba kukayika.

Tsono amene ayankha kuti “n'chimodzimodzi basi” angoima pa mpeni pokha. Mukangosuntha pang'ono, mawuwa amapatukana, lina kulowera uku, lina uko.

Ine ndinakulira ku Chia. Mayi anga ankagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu wa M5, pafupi ndi mlatho. Anali ndi kampeni kawo, chigwiriro chake chomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. M'mawa ankakanola pa mwala wosalala, kudontheza timadzi, kwee kwee mbali iyi, kwee kwee mbali inayo, kenako n'kukayesa pa chikhadabo cha chala chachikulu. Nthawi imeneyo kankalowa pamimba pa chambo ngati m'papaya lakupsa. Pofika masana, katalimbana ndi mitu ya milamba ndi kampango, kankangoterera pakhungu, nsomba n'kumanyenyeka m'malo mong'ambika, mayi n'kuyamba kudina ndi mphamvu mpaka mitsempha ya dzanja kuonekera. Pambali pa beseni pankakhalanso kachibonga kakafupi kokhomera mlamba pamutu ukamaphiriphitha.

Kampeni kamasana kaja mukhoza kukatchula “blunt”, mukhozanso kukatchula “dull”. Koma kachibonga kaja ndi “blunt” basi, sikangakhale “dull” ngakhale ku America. Chifukwa chake Chichewa chathu chimachidziwa kale. Kodi munamvapo munthu akuti chibonga chabuntha, kapena munsi wabuntha? Ayi, chifukwa kuti chinthu chibunthe, chiyenera kuti chinali chakuthwa poyamba, kapena chimayenera kukhala chakuthwa. Pa zida, “dull” amayenda ngati kubuntha kwathuku: pali chimene chatayika, chidacho chikufuna mwala kapena tupa. Pomwe “blunt” amangoyang'ana maonekedwe a chinthu, kuti chilibe kukamwa kodula, chilibe nsonga yobaya. Kaya chinatha n'kugwira ntchito, kaya chinapangidwa choncho, iye alibe nazo kanthu. Hamala, munsi, mpini, njerwa, mwala, zonsezi ndi “blunt”, ndipo palibe amene akuganiza zokazinola.

N'chifukwa chake pa lipoti la kuchipatala lopita kupolisi mumaona atalemba “blunt object” kapena “blunt trauma”. Akutanthauza kuti munthuyo sanatemedwe kapena kubayidwa, koma anamenyedwa kapena kugundidwa ndi chinthu chosathwa, bala lake n'lotupa, lofufuma, mwina chophwanyika chili mkati. Wogwa pa njinga yamoto n'kumenyetsa chifuwa pa phula amalembedwanso chimodzimodzi. Pamenepa “dull” salowapo n'komwe. Ndipo si nkhani yaing'ono, chifukwa m'khoti kusiyana kwa chikwanje ndi chibonga kumafunsidwa.

Palinso kachizolowezi kena. Ife timasiyanitsa kunola ndi kusongola, mpeni timanola, pensulo timasongola, pomwe mzungu zonsezo amangoti “sharpen”. Komabe chinthu cha nsonga chikatha, monga pensulo, singano, mbedza kapena msomali, “blunt” ndiye amakhala bwino. Si lamulo lokhwima, a ku America amanenanso “dull pencil”, koma mwana akatsatira zimenezi sangasochere.

Ku zida ndi komwe “blunt” ali ndi malo ambiri. Kwina konse woyendayenda ndi “dull”. Chilichonse chimene chataya kuwala kwake, mphamvu yake kapena moyo wake chimagwera kwa iye. Mayi aja ankandiphunzitsa kusankha nsomba poyang'ana maso. Chambo chongovuuka kumene maso ake amakhala mbee, owala ngati galasi. Chikagona, masowo amachita chifunga, amalowa mkati. Amenewo ndi “dull eyes”. Nyanja yathuyi m'miyezi ya mwera, June ndi July, tsiku limene dzuwa lakana kutuluka, madzi atuwa, kumwamba kwatuwa, limenelo ndi “a dull day”. Chitenje chimene chachapidwa mpaka maluwa ake kuthimbirira chili ndi “dull colours”. Bango likagwa pamchenga limamveka kuti di, pomwe khasu likagunda mwala limati ngwe. Di ujayo ndiye “a dull sound”. Msika ukazizira mu February, anthu ndalama zitathera ku feteleza ndi fizi, wamalonda amati “business is dull”. Phunziro logonetsa tulo ndi “a dull lesson”. M'malo onsewa mukaikamo “blunt”, chiganizo chafa. Kulibe “blunt day”, kulibe “blunt colour”.

Limodzi mwa amenewa ndikupemphani kuti inunso mulisunge, chifukwa limathandiza mukakumana ndi dokotala wosamva Chichewa. Ululu wolasa, wobaya ngati singano, umene mungauloze ndi chala kuti ndi apa, ndi “sharp pain”. Ululu wapansipansi, wolemera, wosatha, ngati wa msana mukaweruka kookera mpunga tsiku lonse, ndi “dull pain” kapena “dull ache”. Madokotala amafunsa dala funso limeneli chifukwa mtundu wa ululu umawalozera kumene kuli vuto.

Koma chimene chandichititsa kuti ndilembe zambiri chonchi ndi anthu, chifukwa mawuwa akafika pa munthu ndiye amasiyana kotheratu.

“A blunt person” ndi munthu wosapsatira mawu, wosapita m'mbali, wosabisa Chichewa. Ife tinaleredwa kukulunga mawu. Munthu akamwalira timati watisiya, katundu akakhala woipa timati “aa, aliko bwino pang'ono”. Ndiye pamapezeka mmisiri wokhoma maboti amene mwamuitana kuti adzaone boti lanu, iye n'kugogoda thabwa kawiri, n'kunena pamaso pa anthu kuti ili ndi nkhuni, musataye ndalama. Ameneyo ndi “blunt”. Mzungu akafuna kukuuzani chowawa amayamba wachenjeza kuti “to be blunt” kapena “to put it bluntly”, kukhala ngati akuti pepani, ndinena mosazungulira. Si chipongwe, komanso si chiyamikiro chenicheni. Zimatengera amene akulankhula ndi amene akumva. Ana amadabwa kuti zingatheke bwanji munthu wa mawu olasa mtima n'kumatchedwa ndi liwu la chinthu chosathwa. Ndimawakumbutsa kachibonga kaja. Mawu a munthu wotere sanasemedwe, sanasalazidwe, amangofika n'kukhoma. Ndipo munthu wa “blunt” kawirikawiri amakhala wanzeru zake ndithu.

“A dull person” ndi nkhani ina. Kwa azungu a masiku ano nthawi zambiri amatanthauza munthu wosasangalatsa kucheza naye, wobowa monga amanenera anyamata. Ndiye tanthauzo lili m'mwambi wawo uja wakuti “All work and no play makes Jack a dull boy”, umene unali utalembedwa kale m'buku la miyambi mu 1659. Koma liwuli lili ndi tanthauzo lina lakale kuposa apo, la munthu wogona mutu, wochedwa kumva. Linachokera ku liwu la Chingerezi chakalekale lakuti “dol”, lomwe linkatanthauza chitsiru. Mu King James momwemo, pa Ahebri 5:11, muli mawu akuti “dull of hearing”, kunena anthu ochedwa kumvetsa. Chodabwitsa n'chakuti nayenso “blunt”, pamene anayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1200, ankanena za munthu wopanda nzeru. Kenako anasamukira ku zida, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 anali atatenga tanthauzo la kulankhula mosapsatira. Koma “dull” wakhala nacho chitonzocho mpaka lero, ndipo kuno kwathu ndi tanthauzo limeneli lomwe linamera mizu m'masukulu. N'chifukwa chake wina wayankha kuti “dull” ndi mbuli basi. Ndi zimene anakula akumva.

Liwu limeneli ine limandipweteka. Mng'ono wanga ali Sitandade 6 anabwera ndi lipoti la kusukulu, pansi pake aphunzitsi atalemba kuti “A dull boy”. Makolo athu sankawerenga Chingerezi, ndiye wowerenga ndi kumasulira ndinali ine, iye ali chiimire pakhomo, kabudula atanyowa. Aphunzitsiwo sankadziwa kuti mwanayo ankadzuka tambala woyamba kukathandiza kukoka khoka kuti tipeze ndiwo, n'kufika m'kalasi maso ali psuu, mutu uli pa desiki. Anzake analitola liwulo, n'kukhala dzina lake. Chaka chotsatira sukulu anaisiya. Lero ndi amene asodzi a m'dera lathu amamufunafuna injini ya boti ikavuta. Amaitchera khutu ikulira, n'kunena chimene chatha asanamasule ndi nati imodzi yomwe. Zaka zonsezi ndili pa bolodi sindinalembepo liwu limeneli pa lipoti la mwana wa munthu, ndipo aphunzitsi anzanga amene muli m'gulu muno ndikukupemphani, ngati mwana akuvutika ndi kuwerenga lembani kuti akuvutika ndi kuwerenga, ngati amagona m'kalasi itanani makolo mumve chimene chikumugonetsa.

Tsono achemwali, za malikisi zija musapite kusukulu ndi mkwiyo. Mwanayo apite yekha nthawi yopuma, mwaulemu, akanene kuti “Aphunzitsi, ndapeza kuti ku America amanena chonchi, kodi pa mayeso ndizilemba liti?” Mphunzitsi wabwino funso lotere limamukondweretsa, ndipo mwina kalasi yonse ipindula nalo. Mtsikana amene wakhwatchidwa n'kupita kukafufuza yekha ali ndi mutu wakuthwa, musamuzimitse.

Madzulo ano mukamaphika mumuitane kukhitchini. Mumupatse mpeni umene wakhalitsa osanoledwa, kenako mumulozere munsi, kenako poto amene wathimbirira ndi utsi, kenako pensulo yake yosasongola. Chilichonse anene liwu loyenera, ndipo pamene onse awiri akuloledwa anenenso. Pa mpeni ayankha msanga poti ndi pamene panayambira mlandu. Mudzandiuze zimene ayankhe pa munsi ndi pa poto.