Kodi mwana wolemba kuti "dzuwa latuluka" walakwa?

Mayi wina wophunzitsa kupulayimale ku Senga Bay, ku Salima, afunsa kuti: "Ana ndimawauza kuti dziko ndi limene limazungulira dzuwa. Ndiye wina akalemba kuti 'dzuwa latuluka', ndimuchongere kapena ayi? Nanga Nthanda tiziyitcha nyenyezi?"

Muchongereni mwanayo, aphunzitsi, musazengereze n'komwe. Msodzi wa usipa akamakocheza m'bandakucha amaona dzuwa likuvuuka kunyanja, ndipo chiyankhulo chimanena zimene maso aona: latuluka, lili paliwombo, lapendeka, lalowa. Mawu amenewa ndi otchulira nthawi. Zingandipweteke kwambiri ana athu atayamba kuchita nawo manyazi.

Pofunika kusamala ndi pa mneni woti "kuzungulira", chifukwa akusenza ntchito ziwiri. Dziko limazungulira palokha ngati nguli, kamodzi pa maola 24, kulowera kuvuma, n'chifukwa chake dzuwa limaonekera mbali ya kunyanja n'kukalowera cha ku Dowa. Kumeneku ndiye kumabweretsa usana ndi usiku. Koma dzikoli limazunguliranso dzuwa, ulendo wa masiku 365 ndi maola pafupifupi 6, ndipo chimenecho ndi chaka. Mukangoti "dziko limazungulira" basi, mwana asokoneza ziwirizi. Nenani "limazungulira palokha" kapena "limazungulira dzuwa".

Onaninso mgwirizano wa mawu. Timati "dzuwa lili pakati pa mapulaneti 8", koma "dzuwa ndi nyenyezi yomwe ili pafupi nafe", osati "lomwe lili", pakuti apa tikutsata nyenyezi. Pafupipo ndi makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo kuwala kwake kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20 kuti kutipeze. Buku lanu likamati mapulaneti alipo 9, dziwani kuti ndi lakale. Pluto anamuchotsa pagululi mu 2006.

Za Nthanda, agogo akati "nyenyezi ya Nthanda" musawadule pakamwa, poti pa Chichewa chilichonse chothwanima kumwamba usiku, kupatula mwezi, chimalowa m'dzina limenelo. M'kalasi la sayansi mokha ndi momwe muyenera kumasula kuti Nthanda ndi pulaneti ya Venus, yachiwiri kuchokera kudzuwa, yopanda moto wakewake, imangobweza kuwala kwa dzuwa. Pa miyezi ina Nthandayi imaoneka kuzambwe dzuwa litangolowa, ndipo ambiri amayesa ndi ina.