Mnzakoyo ndi Mshia, nanga chalakwa nchiyani?

Mdzukulu wanga, wafunsa ngati upitirize kudyera mbale imodzi ndi mnzako wa ku koleji amene ndi Mshia, poti a pa gulu lanu la WhatsApp akutumizirana mavidiyo a nkhondo ya ku Syria ndi ku Yemen, ati Ashia ndi makafiri. Idya naye, ndipo akakupatsa salamu uziyankha.

Kusiyana kwa Asunni ndi Ashiaku nkwakale ndithu. Mtumiki Muhammad (SAW) atamwalira mu 632, ena anasankha Abu Bakr kuti atsogolere, ndiwo anadzatchedwa Asunni; ena anati udindowo ngwa Ali, msuweni wa Mtumiki yemwenso anali mkamwini wake, ndiwo anadzatchedwa Ashia. Chilonda chinakula mu 680, pamene Husayn, mdzukulu wa Mtumiki, anaphedwa ku Karbala. Komabe ku Baghdad Asunni ndi Ashia ankakwatirana, ndipo ku Yemen ankaswali mu mzikiti umodzi.

Moto umene ukuuona lerowu unakolezedwa mu 1979. Khomeini, shehe wamkulu wa Chishia, atachotsa Shah, mfumu ya ku Iran, ankalalikira kuti Chisilamu sichivomereza mafumu, ndipo banja lachifumu la ku Saudi Arabia, lomwe ndi la Chisunni, linadziwa kuti akunena iwo. Kuyambira pamenepo maiko awiriwa akhala akulimbirana ukulu m'chigawo chawo, uyu ndi ndalama za mafuta, uyonso chimodzimodzi, aliyense kusaka omumenyera nkhondo kunja. America itagwetsa Saddam Hussein mu 2003, Iraq inasanduka bwalo lawo. Mu February 2006 zigawenga zinaphulitsa mzikiti wopatulika wa Ashia wa al-Askari ku Samarra, ku Iraq komweko, ndipo zotsatira zake zinali zoopsa: anthu ankaimitsidwa pamsewu, kuwayang'ana chiphaso, n'kuphedwa chifukwa cha dzina lokha, likaoneka la Chisunni kapena la Chishia. Ku Syria, Iran ndi Hezbollah, gulu la Chishia la ku Lebanon, anaima kumbuyo kwa Assad, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, pomwe Saudi Arabia, Qatar ndi Turkey ankathandiza omuukira. Usandifunse woyera manja, palibe. Amene akukutumizira mavidiyowo amakuonetsa maliro a mbali imodzi yokha.

Tamvera apa. Mu January 2016 Saudi Arabia inapha shehe wa Chishia, Nimr al-Nimr, anthu anaotcha ofesi ya kazembe wa Saudi ku Tehran, likulu la Iran, ubale wa maiko awiriwa n'kutha. Mu March 2023 akuluakulu a maiko omwewo anakumana ku Beijing, nagwirana chanza, nagwirizana zotsegulanso maofesi a akazembe. Kodi anagwirizana za Abu Bakr ndi Ali? Ayi, nkhaniyo sinali patebulo. Anaona kuti udani wayamba kuwaluzitsa, basi. Ndiye iwe, amene sunapondeko ku Riyadh kapena ku Tehran, utaye mnzako chifukwa cha ndewu imene eni ake amaiyatsa n'kuizimitsa akafuna?

Mawu oti kafiri ngolemera, mwanawe. Mu 2005 mashehe akuluakulu a mbali zonse anasonkhana ku Amman, ku Jordan, navomereza kuti Ashia ndi Asilamu, naletsa kuwatchula makafiri. Kunonso a Qadiriya ndi a Sukuti takhala tikukangana za zikiri pamaliro, tonsefe Asunni, ndipo mawu amenewa akangotuluka pakamwa mabanja amasiya kuyenderana.

Mavidiyowo usawatumize kwa wina aliyense. Ngati chikukuvuta n'chakuti mnzakoyo amaika chipumi pa kadothi akamaswali, mufunse yekha chifukwa chake, umvetsere mpaka amalize. Usagwirizane naye ngati sukugwirizana naye, palibe wakukakamiza. Akadwala ukamuone, ndipo kwawo kukagwa zovuta upite ukakhuze.