Bwanji kadzenje kamodzi ka pa disiki sikanyamula zambiri?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakonza mawailesi ndi makina oonetsera ma DVD. Ndamva kuti CD ikafuna kusunga mabiti 8 imalemba 17. Kumeneku si kuwononga malo kodi? Komanso timaenje ta pa disiki tonse n'takuya mofanana. Bwanji osatikumba mosiyanasiyana, kena kakuya, kena kosaya, kuti kamodzi kanyamule zambiri? — Mmisiri wa mawailesi

YANKHO: Bambo, ganizo lanu lachiwirilo akatswiri analiyesa ndithu, ndifikako. Koma tiyambe ndi mabiti 17 aja (biti ndi nambala imodzi, 1 kapena 0), chifukwa mpamene pagona nkhani.

Ambiri amayesa kuti kadzenje ndi 1, posalala ndi 0. Si choncho. Pa CD, 1 ndi m'mphepete, pamene kuwala kwa laser kukulowa m'kadzenje kapena kutulukamo. Paliponse pamene sipakusintha kanthu ndi 0. Tsono mutalemba ma 1 asanu motsatizana, timaenje tingachepe kuposa kadontho ka kuwalako, makina n'kumangoona chimbuuzi. Mutalembanso ma 0 okwana 40 osadukiza, makina asokonezeka: anali 40 kapena 41? Paja makinawo amayezera nthawi pa m'mphepete momwemo, ndiye m'mphepetemo mukasowa kwa nthawi yaitali chiwerengero chimawatayika.

Mankhwala ake ndi lamulo la EFM, losandutsa mabiti 8 kukhala 14, limene Kees Schouhamer Immink wa ku Netherlands anathandiza kukonza ali ku kampani ya Philips, CD isanatuluke mu 1982. Lamulolo limati pakati pa ma 1 awiri pakhale ma 0 osachepera 2 ndiponso osaposa 10. Mabiti 14 mungawasanje m'njira 16,384, koma zomvera lamuloli ndi 267 zokha. Anatengapo 256, chiwerengero chenicheni cha njira zosanjira mabiti 8. Mabiti atatu otsala pa 17 aja ndi olumikizira, kuti lamulo lisasweke pamfundo, komanso kuti timaenje ndi posalala zichuluke mofanana, laser isasochere pamzere.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Kadzenje kochepetsetsa kamatenga malo a mabiti 3 olembedwawo. Ndiye 17 aja akwana m'malo a timaenje tosafika 6, pamene mabiti 8 osakonza akanafuna malo a timaenje 8. Mwalemba zambiri, koma malo mwapulumutsa. Pa DVD, Immink yemweyo anatsitsa 17 kufika pa 16 ndi lamulo latsopano la EFMPlus.

Tsopano za kuya kosiyana. Kampani ya Calimetrics ya ku California inalimbikira zimenezi kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo kenako inagwira ntchito ndi kampani ya TDK. Pa madisiki olembeka ankasintha kukula kwa kachizindikiro kuti kuwala kubwerere pa milingo 8 yosiyana, ndipo cholinga chinali kuika pafupifupi 2 GB pa disiki ya mtundu wa CD, imene imanyamula 700 MB, osasintha laser. Musasokoneze ndi DVD ya 8.5 GB: imeneyo ndi magawo awiri osanjikizana, ndipo gawo lililonse lili ndi milingo iwiri basi.

Poyamba dziwani kuti milingo 8 sipereka mabiti 8, imapereka 3. Mukafuna 4, milingo ikhale 16. Phindu limakwera pang'onopang'ono pamene vuto likuthamanga.

Vutolo inu amisiri mumaliona ndi maso. Ine tsiku limene ndinayamba kugunditsa oscilloscope (chida choonetsa mafunde a magetsi) pa RF ya makina a CD, pamene pamatulukira zimene laser yawerenga, ndinakhala kaye chete kuyang'ana ukonde wobiriwira uja, ndi timabowo tooneka ngati maso pakati pake. Ndinatulutsa disiki, n'kudindapo chala, n'kubwezera. Masowo anatsinzina pang'ono, koma nyimbo osadukiza, chifukwa makina amangofunsa kuti kuwala kuli pamwamba kapena pansi. Tsono msinkhu womwewo muugawe mipata 7. Chidindo cha chala chomwecho chikachepetsa kuwala, mlingo wachisanu uoneka ngati wachinayi. Onjezani kuti kadontho ka laser kamakhudzanso zizindikiro zoyandikana, moti chizindikiro chowala chikakhala pakati pa ziwiri zakuda chimaoneka chozilala.

Apa ndi pamene kasanjidwe ka zizindikiro kamagwira ntchito yaikulu kuposa pa CD wamba. Pa disiki pamalembedwa zizindikiro zodziwika kale, kuti makina aziyezerapo milingo yonse asanawerenge zenizeni. Ndondomeko zina za milingo zimaletsedwa dala, ndipo makina sagamula chizindikiro chimodzi pachokha: amayang'ana mndandanda wonse n'kusankha wololedwa umene ukufanana kwambiri ndi zimene aona, mwa njira imene Andrew Viterbi anatulukira mu 1967. Zonsezi zimadya malo, kotero pa mabiti 3 aja otsalira mwini disiki safika 3.

M'kuona kwanga ganizolo linali labwino, koma linachedwa. Makina olemba DVD ya 4.7 GB anayamba kufala, kenako mu 2006 Blu-ray inabwera ndi laser ya kadontho kakang'ono kwambiri (405 nm m'malo mwa 780 nm ya CD), n'kuika 25 GB pa gawo limodzi ndi milingo iwiri yomwe ija. Madisiki a Calimetrics sanafike pamsika.

Koma tsegulani foni kapena fulashi imene ili patebulo lanulo. Memori yambiri ya masiku ano ndi ya mtundu wa TLC: kachipinda kamodzi kamasunga magetsi pa milingo 8, mabiti 3, monga momwe munaganizira. Kungoti mmenemo kachipindako n'kotsekeredwa, chala ndi fumbi sizifikako.