Kwa mdzukulu amene wakana kutonthola pa maliro a mnzake

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukuti mnzako amene munakulira limodzi anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto miyezi inayi yapitayo, pa ulendo wausiku umene unachita kumukakamiza ndiwe. Kuyambira pamenepo nsima siikulowa, ndevu wazilekerera, kuntchito wasiya, ndipo kwa amayi ake sunapondeko phazi. Ukutinso kusukulu munaphunzira za Gilgamesh, mfumu imene inakana kuvomereza imfa ya mnzake, ndiye ukufunsa ngati kulira osatonthola sindiko kukhulupirika kwa ngwazi.

Pepa, mwana wanga, pepa kwambiri. Nanenso ndinaponyapo dothi pa bokosi la mnzanga wa paubwana, ndipo kulira kwa dothi lija pa matabwa ndimakumvabe mpaka lero. Koma nkhani ya Gilgamesh ndimaidziwa, ndipo ndikuona kuti waisiyira panjira.

Munthuyu anali mfumu ya mzinda wa Uruk, kumwera kwa dziko limene lero timati Iraq. Anthu a ku Sumer ndiwo anayamba kulakatula za iye, kenako a ku Babylon anasonkhanitsa nkhanizo, n'kukhala ndakatulo yaitali ya pa mapale 12 a dothi. Mapalewo anafukulidwa ku Nineveh cha m'ma 1850, ndipo mu 1872 katswiri wa zolemba zakale George Smith anawerenga gawo lake la chigumula ku London. Amene ankadinda zilembozo ndi bango pa dothi lofewa anali anthu oti aikapo maliro ambiri, choncho ungwazi sanauyamikire mwachimbulimbuli.

Taona mmene ulendo wa ku nkhalango ya mikungudza unayambira. Gilgamesh ankafuna dzina loti lidzatsale iye atapita. Mnzake wapamtima Enkidu, yemwe anakulira kutchire pakati pa nyama ndipo ankadziwa kuopsa kwa Humbaba, mlonda wa nkhalangoyo, anayesa kumuletsa. Akuluakulu a mu Uruk anamuuza kuti akadali mwana, mtima ukumuthamangitsa, asadalire mphamvu zake zokha. Sanamve. Anakapha Humbaba uku akuchonderera, pobwera anaphanso ng'ombe yakumwamba imene mulungu wamkazi Ishtar anawatumizira, ndipo milungu inagamula kuti mmodzi afe. Maere anagwera Enkidu. Sanafere kunkhondo ayi, anagona pamphasa masiku 12 akufooka pang'onopang'ono. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Sindikunamiza kuti ulibe gawo pa imfa ya mnzako. Unamukakamiza, ndipo zimenezo udzazisenza. Koma kumbukira kuti Enkidu anapita kunkhalango ndi miyendo yake, ndipo Gilgamesh atayamba kumvera Humbaba chisoni, amene anati tiphe msanga anali Enkidu yemweyo. Mnzakonso anali munthu wamkulu wokhala ndi maganizo ake. Ukamati mlandu wonse ndi wako, ukumusandutsa mbuzi yongokokedwa pachingwe, ndipo kumeneko si kumulemekeza.

Za kulira, lira ndithu. Amene amati mwamuna salira sanatayepo mnzake. Gilgamesh, yemwe ankati magawo awiri mwa atatu a thupi lake ndi mulungu, anaphimba nkhope ya Enkidu ngati ya mkwatibwi, n'kumazungulira mtembo ngati mkango waukazi wolandidwa ana. Anadzizula tsitsi, anataya zovala zachifumu, anaitana akuluakulu, alimi, abusa, ngakhale mtsinje ndi nyama zakutchire kuti zilire naye. Anakaniza maliro masiku 6 ndi mausiku 7, poganiza kuti mwina mnzakeyo adzuka akamva kulira kwake. Chinamugonjetsa ndi mphutsi imene inagwa kuchokera m'mphuno mwa mtembo. Alembi aja sanaibise mphutsi imeneyo, ndipo ine ndimati anachita bwino, chifukwa ndi imene inamuuza zoona zimene panalibe munthu akanalimba mtima kumuuza. Kwathu kuno ntchito imeneyo ndi ya adzukulu: akamaliza kukumba amabwera kudzanena kuti nyumba yatha, ndipo ngakhale ofedwa agwire bokosi chotani, maliro amanyamuka.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu. Atamuika Enkidu mwaulemu n'kumusemera chifanizo, Gilgamesh anavala chikopa cha mkango n'kulowa m'tchire. Iwe ukuti n'chikondi. Iye mwini ananena kuti ndi mantha: mnzake wasanduka dothi, ndiye nayenso adzagona osadzukanso. Dzifunse usiku uno ngati chikukuletsa kupita kwa amayi aja ndi chisoni, kapena ukuopa maso awo.

Ali paulendo wofuna moyo wosatha, m'mphepete mwa nyanja Gilgamesh anakumana ndi Siduri, mayi wogulitsa mowa, amene poona nkhope yake yoguga anayamba watseka chitseko. M'mapale akale kwambiri, a zaka pafupifupi 1,800 Yesu asanabadwe, mayiyu akumuuza kuti moyo wosatha milungu inadzisungira yokha, choncho adye akhute, asambe, avale zoyera, asamale mwana amene wamugwira dzanja, ndipo mkazi wake asangalale naye. Anakana, n'kuwoloka madzi a imfa kukafika kwa Utnapishtim, amene anapulumuka chigumula n'kupatsidwa moyo wosatha. Mkuluyo anamuyesa ndi chinthu chaching'ono: asagone masiku 6 ndi mausiku 7. Atangokhala pansi tulo tinamuba. Mkazi wa Utnapishtim ankaphika mkate umodzi tsiku lililonse n'kumuikira kumutu. Podzuka anafuna kukana kuti sanagone, koma mikate 7 inali pamenepo, woyamba utauma gwa, wina utachita nguwi, womaliza ukadali pamoto. Miyezi yako inayi ija ndi mikate yotero, mwana wanga. Yadutsa uli chigonere, ndipo mnzako siinamubweze.

Ngakhale chitsamba chobwezera unyamata chimene anakachithyola pansi pa nyanja, njoka inamubera iye akusamba padziwe, n'kufundula pochoka. Anakhala pansi n'kulira kachiwiri. Koma asananyamuke kwa Utnapishtim, mkuluyo analamula Urshanabi, wopalasa bwato, kuti amusambitse tsitsi lonyata lija, ataye zikopa m'nyanja, amuveke zovala zatsopano. Ndikamafika pamenepa ndimakumbukira kumeta kwathu. Makolo anaika mwambo umenewo kuti ofedwa adziwe kuti chisoni chili ndi tsiku lotula, ndipo tsikulo sasankha yekha wolira. Gilgamesh anabwerera ku Uruk chimanjamanja, n'kuonetsa Urshanabi linga la njerwa zootcha la mzinda umene anausiya wopanda mfumu nthawi yonseyi.

Pali kanthu kena kamene ambiri amakadumpha. Asanapite kunkhalango, Ninsun, mayi wa Gilgamesh, anaitana Enkidu, yemwe analibe mayi kapena mbale, n'kumulandira kukhala mwana wake. Ubwenzi wawo unalowa m'nyumba. Wanunso unalowa, pakuti wadya nsima kangati pakhonde la amayi aja? Iwo ataya mwana mmodzi, ndipo chifukwa cha kuthawa kwako akuona ngati ataya awiri.

Loweruka lino umete, usambe, ugule shuga ndi sopo, utengane ndi amalume ako mupite kumeneko. Ukafika ukhale pansi, uwauze mmene ulendo uja unayambira, osabisa kanthu. Akakalipa upirire, akalira ulire nawo. Usanachoke uyang'ane denga ndi nkhokwe ngati pali pofuna kukonza mvula isanagwe, ndipo Lolemba ukadzuke m'mamawa ukapepese kuntchito.