Galimoto ili pa warranty koma sipeya sikufika: ndigule yanga?

Bambo wina wa ku Katete watilembera kuti pick-up yake ya dizilo, imene anagula yatsopano ku Lusaka, yatha masabata atatu ili kukampani komwe anaigula. Ikadali pa warranty, lonjezo la opanga galimoto loti adzakonza mwaulere vuto la fakitale. Injector, chitsulo chopopera dizilo mu injini, yafa, ndipo akafunsa amangomuuza kuti akudikira sipeya. Akufuna kudziwa ngati angaitenge, agule injector mushopu kuno ku Chipata, makaniko wake aikepo.

Musatero, bambo. Makaniko amene si wa kukampani akangomasula mapaipi a mafuta, mwawapatsa a kampani poyambira kukana chilichonse chimene chidzavute mu injini mawa. Komanso ma injector ambiri a injini zamakono za dizilo (common rail) amabwera ndi nambala yake imene iyenera kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto. Akangomangapo osailowetsa, injini ikhoza kugogoda ndi kufuka utsi.

Mawu akuti "tikudikira" abisa zinthu ziwiri: kudikira chilolezo cha opanga galimoto, ndi kudikira sipeyayo kuti ifike. Sipeya ya warranty siichoka pashelefu ngati ya munthu wolipira. Makaniko wa kukampani amatsegula job card (pepala lolembapo ntchito), kulemba VIN (nambala yozindikirira galimoto, ya zilembo ndi manambala 17) ndi makilomita, kuwerenga fault code (nambala ya vuto imene kompyuta ya galimoto imasunga), kujambula zithunzi, kenako pempho (claim) limapita kwa opanga galimoto. Nthawi zambiri amaitanitsa chitsulo pempholo likavomerezedwa. Ndiye afunseni mosazungulira: kodi claim yavomerezedwa? Ngati inde, oda inapita tsiku liti, nambala ya sipeya ndi iti, ikubwera pa ndege kapena pamsewu? Ma Hilux, Ranger ndi D-Max ambiri omwe timawaona kuno amapangidwa ku South Africa, choncho chimene palibe ku Lusaka chimayenera kudutsa pa kasitomu. Amene sakutha kukupatsani nambala ya oda, mwina sanaitanitse n'komwe.

Pa nkhani ya injector pali msampha wina: a kampani akhoza kuyeza mafuta a mu thanki. Akapezamo madzi kapena dothi, monga zimachitikira ndi dizilo wa m'zigubu, amati vuto si la fakitale, bilu ndi yanu. Sonkhanitsani malisiti a pa filling station ndi buku la sevisi lodindidwa. Ulendo wa ku Lusaka pa Great East Road ndi wautali, n'chifukwa chake ambiri kuno amadumphitsa sevisi imodzi kapena kusinthitsa oilo pansi pa mtengo, osadziwa kuti chidindo chosowacho chikhoza kugwetsa claim yonse.

Mafunso onsewa lembani pa imelo kwa service manager (mkulu woona zokonza magalimoto kukampaniko), osati pa foni, ndipo pemphani kope la job card. Galimoto yobwereka funsani ndithu, koma imadalira zimene munasainirana pogula. Chitsulo chakale musachiyembekezere, pa warranty chimatsala kwa iwo.

Akakhala chete, kapena akakana popanda kulemba chifukwa, tengani mapepala onsewo mukadandaule ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe loteteza ogula pansi pa lamulo la 2010. Galimoto isiyeni komweko kufikira atayankha molemba.